Soseji ya Omega

Ndinapeza mkazi wanga ataboola kale theka la timapiritsi tanga. Ankaboola ndi pini, n'kufinyira mafuta ake m'chiwaya, momwe munali soseji. Nyumba yathu ya ku Chelstone inkanunkha ngati mzere wa ogulitsa nsomba kumsika wa Soweto.

"Imwe, nkhalani pansi," anatero. "Mukana kumeza, manje muzadya."

Chaka chimenecho mtima wanga unkagunda mopupuluma. Ndikakwera masitepe m'tauni, ndinkaima panjira ngati ndikuwerenga chikwangwani. Adokotala anati mtima ndi mnofu, ngati katumba, ndipo umafuna mafuta a nsomba otchedwa omega. Anatinso soseji ndisiye. Mwana wathu wamkazi, yemwe amagwira ntchito ku Kabulonga, anandigulira botolo la timapiritsi tofewa, tachikasu, todzaza mafutawo.

Ine mapiritsi amandiima pakhosi. Soseji imadutsa bwino. Choncho ndinakhala pansi.

Amphaka a aneba anafika pakhomo. Kenako anafika mwana uja, atatseka mphuno.

"Ba mami! Mwachita chani?"

"Nikazingila batate bako mankhwala."

"Aya ni omeza! Moto uononga mafuta aya. Na soseji si ndiye wamene analesa adokota?"

"Analesa yokazinga na mafuta a saladi. Iyi ni ya omega."

Ndinaona kuti mkazi wanga ali ndi mfundo. Ndinatenga foloko msanga mlandu usanagamulidwe. Ndinaluma. Sinali nkhumba, sinali nsomba. Chinali chinthu chimene Mulungu sanalenge. Ndinatafunabe, chifukwa ndinali nditasankha kale mbali.

Mwana uja anandilanda mbale. Anaika dzanja pachifuwa panga, akumvetsera kugunda kwa mtima.

"Ba dadi, mufuna pa ukwati wanga pakakhale mpando chabe?"

Sankaseka. Amayi akenso anasiya kutakasa m'chiwaya.

Mwana uja anakhuthula kapiritsi kamodzi m'botolo, n'kundipatsa ndi kapu ya madzi. Kanaima pakhosi monga mwa nthawi zonse. Ndinamwa madzi onse, misozi ili m'maso, mpaka kanatsika. Ndinageya nsomba.

Mkazi wanga anaponya soseji panja. Mphaka wamkulu anainunkhiza, nandiyang'ana, n'kuisiya pomwepo.

"Mwaona?" anatero mwana uja. "Mailo kukacha, futi kamozi. Mwamvela, ba dadi?"

Ndinatenga chipewa changa, ndinalumpha soseji ija, n'kutuluka pageti.