Mmene Ndinachedwetsera Maliro a Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, mtima uli m'mwamba. Amayi amvano anali akuimbabe m'nyumba mwathu ku Biwi, ndipo kuseri moto unali utayaka kale. Thupi la bambo linali litakhala kumotchale masiku asanu ndi anayi kudikira achemwali anga, mwana wawo woyamba, namwino ku Kiribati, zilumba za pakati pa nyanja ya Pacific. Ndege yawo inkatera masana ku Lumbadzi, ndipo msuweni wanga anapita kukawachingamira.

Abambo aakulu ochokera ku Ntcheu anali atatopa nazo. Anayang'ana mitambo n'kundiuza kuti, "Ikakwana wani koloko bokosi titseka, afike asafike."

Pofika masana anthu anali atadzaza msewu wonse. Kuona nkhope kutatha, anandiitana kuti ndithokoze m'malo mwa ana, kenako atseke. Galimoto yokatenga achemwali inali isanaoneke.

Ndinathokoza, koma sindinakhale pansi. Ndinayamba kufotokoza komwe achemwali ankachokera. Ndinati chilumba chawo n'chopapatiza, ukaima pakati umaona nyanja uku ndi uku. Phiri kulibe, chachitali ndi mtengo wa kokonati basi. Chilumba chilichonse chili ndi khonsolo yake, ndipo uthenga wa maliro unadzera pa wailesi ya ku ofesi ya khonsoloyo, munthu n'kukawapatsira pa njinga. Sitima yopita ku likulu, ku Tarawa, imabwera tsiku lomwe yafuna. Ndinadutsa nawo anthu ku Fiji, ku Australia, mpaka ku Joni. Abambo aakulu anatsokomola katatu. Ine ndinayamba za nsomba. Bambo wina kumbuyo anafunsa ngati chimanga chimalola kumeneko. Mulungu amudalitse munthu ameneyo, chifukwa ndinamuyankha mosathamanga.

Kenako hutala inalira pakona. Achemwali anatsika nsapato zili m'manja, anthu akupatuka okha. Ndisaname, pamaliro a bambo anga ndinakondwa. Achemwali anagwada, nagwira pamphumi pa bambo, nati, "Ababa, ndafika." Abambo aakulu anadikira mpaka achemwali atadzuka okha, ndipo bokosi anatseka misozi ili mbwembwembwe.

Mvula inatipeza panjira ya kumanda ku Kawale. Tinanyowa tonse, koma nyimbo sizinaduke.

Madzulo m'nyumba munali zii. Achemwali anagona chokhala pampando, chikwama chawo chisanatsegulidwe n'komwe. Amayi athu anawafunditsa chitenje, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Chibadwire chako," anatero motsitsa mawu, "lero ndi lomwe kulongolola kwako kwatithandiza."