Maliro a Pamwamba Pathu

Nyumba imene tinkakhala ku Toronto inali yakale, ya njerwa zofiira, kufupi ndi msewu wa Spadina, ndipo inali ndi khalidwe limodzi loipa: sinkasunga chinsinsi. Wa pamwamba akatsokomola ife pansi tinkamva. Akagwetsa supuni, mwana wanga ankadzidzimuka kumsana. Ine ndiye ndinkamva zonse, poti bambo a mwana ankalawirira ku yunivesite kumene boma linawatumiza kukaphunzira za mankhwala, n'kundisiya ndi khanda, Chingerezi changa cha Sitandade 6, ndi malamulo.

Malamulowo anandiuza tsiku lomwe ndinafika, sutikesi ndisanatsegule n'komwe.

"Mayi a mwana, musaone ngati tatalikira. Kunonso kuli maso. Mmalawi mnzathu amene mukuseka naye ku tchalitchi ndi yemweyo akatinenere kwa akazembe. Buluku musavale, kaya kuzizire bwanji. Zandale musayankhe. Ndipo nkhope yanu isadzapezeke m'nyuzipepala. Angondidula sukulu, atikweze ndege, ndipo amene akatichingamire si abale athu ayi."

Lamulo lomaliza analinena akuloza kudenga. "Wa pamwambayu, moni yekha basi."

Wa pamwambayo anali mzungu wamtali, woonda ngati mtengo wa bulugamu, tsitsi lofika m'mapewa loti kwathu akanalimeta pabwalo la ndege asanaonetse pasipoti. Ntchito anali nazo ziwiri, zonse zoopsa: kulemba nyuzipepala ndi kuchita zisudzo. Nyuzipepalayo inali ya amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, iyeyo ali mmodzi wa iwo, ndipo sankabisa. Bambo a mwana anandinong'oneza mawu onyoza anthu otere aja ankabwera nawo amuna ochokera ku Joni, koma ine chimene chinkandiopsa chinali zikwangwani. Ankaziimika pansi pa masitepe, zokhomedwa pa timitengo, penti ikununkha, ndipo masiku ena ankazinyamula ndi anzake kukaguba nazo mumsewu, kudzudzula boma ndi apolisi masanasana anthu akuona. Ndinkasuzumira pakatani kudikira galimoto yodzamutenga. Madzulo ankabwerako akuimba mluzu, atanyamula mkaka.

Tikakumana pakhomo ankandinyamulira ngolo ya mwana kukwera nayo masitepe. Ine ndinkathokoza maso ali pansi n'kuthamangira mkati ngati ndaba nkhuku.

Tsono Loweruka lina masana, bambo a mwana ali ku laibulale, ndinamva anthu akukwera, ambiri, osayankhulana. Kenako chinthu cholemera chikugunda khoma. Ndinatsegula chitseko pang'ono, diso limodzi lokha. Amuna anayi atanyamula bokosi. Bokosi lenileni, lalitali, lakuda, akulipendeketsa kuti likhote pamasitepe. Ndinatseka, n'kutsamira chitseko. Posakhalitsa kunayamba kulira. Mawu a mwamuna, okhadzula mtima. Analira, anasiya, wina anayankhula, anayambiranso pomwe paja.

Ndinayenda m'chipinda uku ndi uku, mwana ali kumsana. Moni yekha basi. Inde, ndinamva. Koma maliro? Kwathu munthu amene maliro achitika kuseri kwa khoma lake iye n'kumachapa matewera timamudziwa dzina lake, ndipo ake akamwalira amakumba yekha. Ndinaganiza za mwana wanga amene ankatsokomola chiyambireni chisanu, ndinaganiza kuti zitavuta, Mulungu atalikitse, m'dziko la eni muno adzandikhalira pansi ndani. Lamulo la bambo a mwana linali la chaka chatha. La maliro ndinalipeza pobadwa.

Ndinamanga chitenje, ndinafunda duku, ndinathira shuga m'mbale n'kuvundikira, buledi kukhwapa, n'kukwera.

Chitseko chinali chotsegula. Mipando anaikankhira kukhoma, bokosi lili patebulo losatseka, mkati muli mnyamata, nkhope mbuu, manja pachifuwa. Mwamuna wina atagwada pambali akulira. Koma enawo! Mayi wovala zakuda ali chiimire, nsapato zili kuphazi. Wina akumwa khofi. Wina akusuta. Wa pamwambayo ali pawindo, mapepala kumanja, akuyang'ana wolirayo ngati akumuyesa mayeso. Ndinawamvera chisoni. Ndinati anthu awa ngakhale owalirira alibe.

Ndinavula nsapato pakhomo, ndinagwada, ndinaika mbale ndi buledi pansi, ndinakwawira pafupi ndi tebulo, ndinakhala pansi miyendo nditatambasula, n'kuyamba.

"Mayo ine, mayo! Watisiya mwana wa eni!"

Ndinangofuna kulira pang'ono, kwaulemu. Koma kulira kukatseguka sikufunsa kuti maliro ndi a yani. Anabwera azakhali anga amene anamwalira ine ndili kuno, uthenga n'kundipeza manda atamera udzu. Kunabwera kuzizira kwa miyendo yanga yopanda buluku, kunabwera kukhala ndekha tsiku lonse ndi wailesi yosamveka. Mwana kumsana anati amayi asalire okha, naye analowapo. Wolira uja anasiya, ndinamumva, ndipo ndinati watopa, ndimulandire, ndinawonjezera mawu. Kunang'anima kuwala ngati mphezi koma sindinasamale.

Ndiye malemu anadzuka.

Anakhala tsonga m'bokosi, anandiyang'ana, anayang'ana anzake, n'kufunsa m'Chingerezi chimene ngakhale ine ndinamva: "Kodi awa alimo m'sewero?"

Sindidziwa mmene ndinafikira pakhomo. Chitenje chinakodwa pampando, ndinagwera pa buledi wanga yemwe. Wa pamwamba uja ndi amene anandidzutsa, akuyankhula pang'onopang'ono ngati kwa mwana. Sewero. Akuyeserera. Holo alibe, ndiye akuchitira m'nyumba. Palibe wafa. Mnyamatayo amupaka ufa kumaso. Malemu anatsika patebulo, anakatunga madzi, n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri, poti nanga munthu wakupatsa, koma kumwa sindinamwe.

Apo m'pamene ndinamuona mtsikana wa tsitsi lalifupi ali ndi kamera pakhosi, akumwetulira ngati watola nyama. Mphezi ija. Wa pamwamba anati zithunzizo ndi za m'nyuzipepala yawo, zoitanira anthu ku sewero. Ndinaona zonse nthawi imodzi: nkhope yanga, pakamwa yasa, chitenje cha kwathu, bokosi, nyuzipepala imeneyo ili patebulo la akazembe. Ndinafuna kuyankhula koma Chingerezi chonse chinathawa, kunatsala mawu a moni okha.

Pamasitepe panamveka kuthamanga. Bambo a mwana anali atamva kulira kwanga ali kumsewu, anapeza kwathu kuli pululu, anakwera atakwiya kale, ndinaona mitsempha pachipumi. Koma analowa n'kuona bokosi, mkazi wawo ali ndi duku, maso ofiira. Mkwiyo unazima. Anavula chipewa. Anawerama, dzanja lamanzere litagwira chigongono, n'kuyamba kuzungulira kugwira aliyense chanza. Pepani. Pepani kwambiri. Mayi wa zakuda, wa khofi, wosuta, onse analandira, poti anasowa chochita. Womaliza anali wa ufa kumaso uja. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti watisiya ndani.

"Ndine, bwana," anatero wa ufa.

Anthu anaseka mpaka wina kukhala pansi, kukhala pansi kumene anakana pa maliro. Ine ndinakoka jekete la bambo a mwana.

"Bambo, andijambula. N'za m'nyuzipepala."

Munthu wakuda amatuwa, ndinaona tsiku limenelo. Bambo a mwana anayamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha ku yunivesite, chikutuluka chodukaduka: boma, akazembe, ndege, ndende, abale kumudzi. Kuseka kunatha. Mtsikana wa kamera anaifungatira pachifuwa. Anati dzina salemba. Anati chithunzi chotero sadzachipezanso, ndipo mufilimu yomweyo muli ntchito yake ya tsiku lonse. Anati kuno si kumeneko, kuno munthu ali ndi ufulu.

Wa pamwamba ankandiyang'ana ine, osati iwo. Zimene ananena bambo a mwana anandimasulira pambuyo pake, koma zambiri ndinazimva pankhope. Anati tsiku limene nkhope yake inatuluka koyamba m'nyuzipepala, atanyamula chikwangwani, ntchito yauphunzitsi inatha sabata yomweyo, ndipo bambo ake omubereka anasiya kuyankha telefoni. "Koma ine ndinaima dala kuti andijambule," anatero. "Mayi awa anabwera ndi shuga."

Anatambasula dzanja. Mtsikanayo anatukwana pang'ono n'kupereka. Wa pamwamba anatsegula kamera kumbuyo, anasolola filimu yonse ngati matumbo a nkhuku, anaionetsa kuwindo kuti dzuwa liiphe bwinobwino, n'kuiika m'manja mwanga.

Ndinawerama kuti nditole nsapato, iye anatola mbale ya shuga kuti andibwezere. Ndinakana ndi mutu. Bambo a mwana anamuuza kuti kwathu cha pamaliro sichibwerera. Wa pamwamba anaigwira mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anati sewerolo analemba za mnzake amene ankakhala naye m'chipinda chomwecho, amene anamwalira chaka chapitacho, ndipo makolo ake anakamuika okha kwawo ku Oakville, iye osamulola kufika kumanda. Kuyambira pamenepo palibe anakwera masitepe kudzamupepesa.

Bambo a mwana anayang'ana pansi, anayang'ana chipewa chawo. Anapitanso kwa iye, anawerama, dzanja pachigongono, n'kumugwiranso chanza kachiwiri.

Tinatsika, filimu ndaikulunga pansonga ya chitenje, mwana wagona ngati sizimukhudza. Titatseka chitseko chathu anapachika chipewa, anapuma, n'kuti, "Mayi a mwana, paja ndinati moni yekha."

"Munaterodi, bambo," ndinayankha. "Koma ine malemu sindinawagwire chanza."

Pamwamba tinamva akukoka mipando, kenako kulira kunayambiranso. Ulendo uno ndinamva bwino kuti wolirayo wakhala pansi.