Ndinasokoneza njira pa seva, mlandu n'kugwera wina

Inu owerenga, ine ndinalakwira mwana wosaona ndi mayi wosalakwa, ndipo ndinachita zimenezi ndili khale pampando, ndi zala zangazi basi.

Zipani zambiri zitabwera, mabungwe anachuluka, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinapeza ntchito yoyang'anira makompyuta pa kabungwe kena ka zaumoyo pa boma la Dedza. Tinali ndi kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, imene inkasonkhanitsa maimelo a ofesi yonse n'kuwatumiza kunja kudzera pa lamya. Palibe wina amene ankaidziwa koma ine, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Abwana atatsegula ofesi ina m'nyumba yoyandikana nafe, anafuna kuti makompyuta akumeneko alumikizidwe ku seva koma akhale m'gulu lawolawo. Seva inali ndi khadi limodzi lokha lolowetsapo waya. Mnzanga wina wa ku Lilongwe anali atandiuzapo kuti khadi limodzi ukhoza kulipatsa adiresi yachiwiri, makinawo n'kumaliona ngati makomo awiri. Ndinali ndisanayesepo, koma ndinachita manyazi kumufunsanso. Ndinapanga khomo lachiwirilo, ndipo mosadziwa ndinauza seva kuti chilichonse chopita kunja chizidzera pamenepo. Komatu khomo limenelo linkangothera m'nyumba yoyandikanayo.

Zonse zinkaoneka bwino. Makompyuta ankaonana, lamya inkalumikiza, munthu akatumiza imelo kompyuta yake inkati yapita. Chonsecho maimelo ankangounjikana mu seva, kusowa kolowera. Ine sindinatumize ngakhale imodzi yoyesera.

Nthawi imeneyo n'kuti madokotala a maso ochokera kunja akubwera ku Lilongwe, ndipo ankafuna mayina a ana odwala pa imelo. Mlimi wina wa mbatata wa ku Kabwazi, a Chimbalanga, anali ndi mwana wamkazi, Tereza, amene ng'ala inamuphimba maso onse awiri. Atadzamulembetsa ku ofesi kwathu, mlembi wathu, a Nachisale, anatumiza dzina la mwanayo nthawi ikadalipo. Tsiku lake a Chimbalanga anamubereka panjinga mpaka pamsewu, m'chisanu chija cha ku Dedza, n'kukwera basi. Atafika anauzidwa kuti dzinalo kulibe, malo anadzaza. Madokotala anapita.

Abwana anaitana a Nachisale tonse tikuona. Mayiwo analumbira kuti anatumiza, kenaka anatembenukira kwa ine: “Achimwene, taonani m'makinamo, mundiikire umboni.” Ndinatsegula seva. Imelo yawo inali momwemo, pamwamba pa maimelo ena, ndipo nthawi yomweyo ndinaona pamene ndinalakwitsa. Ndinakonza njirayo mwakachetechete, ndinafufuta imeloyo, n'kunena kuti palibe chimene ndapeza.

A Nachisale anachotsedwa pa ulembi n'kupatsidwa ntchito yosunga makiyi a chipinda chosungiramo katundu. Sanachedwe, anasiya okha, n'kubwerera kwawo ku Bembeke. A Chimbalanga ankabwerabe kudzafunsa ngati madokotala adzabwerenso, ndipo akandiona ankavula chipewa n'kundipatsa moni wa manja awiri. Ine ndinkayankha maso ali pansi. Tereza anadzachitidwa opaleshoni patapita nthawi yaitali. Diso limodzi linatseguka, linalo akuti anachedwa nalo.

Chikumbumtima chitandilemera, ndinapita ku Bembeke. Ndinawapeza a Nachisale akupalira kabichi kudimba. Ndinaulula zonse. Anatsamira khasu.

“Ndinkadziwa,” anatero. “Nkhope yanu inasintha mutangotsegula makina aja. Ndinadikira kuti muyankhule.”

Sananditukwane. Anangoti ngati ndikufuna kupepesa, ndiyambire ku Kabwazi. Ndinapitako, koma a Chimbalanga sanamvetse za makomo a seva. Anamva chimodzi chokha, chakuti ndinanama, ndipo sanandiperekeze.

Inu amene mumagwira makina omwe anzanu sawadziwa, ndimvereni. Mukasintha kanthu, yesani kaye ngati uthenga ukufikadi kumene ukupita, musakhulupirire kuti poti nyali za makina zikuyaka ndiye kuti zonse zili bwino. Chimene simukuchidziwa, funsani. Ndipo mukalakwitsa, nenani pomwepo, anthu akadali m'chipindamo. Njira ya pa seva ndinaikonza tiyi asanazizire. Bodza lija, mpaka lero Tereza akuyenda nalo pankhope.