A Daka Ataya Mwezi

Ku Msanzala munthu akafuna kudula nsungwi sankayamba ndi kunola chikwanje. Ankayamba wapita kwa a Wilbroad Daka kukafunsa kuti mwezi uli pati. A Daka anali Mnsenga wobadwira pomwepo, munthu wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lake, ndipo ankalima nshawa ndi chimanga monga wina aliyense. Koma pa za mwezi panalibe wowaposa. Anaphunzira kwa amalume awo asanamere ndevu kuti nsungwi imadulidwa mwezi utafa, uli mumdima, chifukwa ukaidula mwezi ukuwala imafumbwa mpaka kusanduka ufa. Wofuna kufula ng'ombe yamphongo kuti izikoka pulawo ankafunsanso kwa iwo, poopa kuti ingataye magazi ambiri. Ku Halale anapitako, nakhala zaka zisanu m'mafamu a fodya. Anabwerako ndi jekete ndi chipewa, koma mwezi sanausiye.

Anthu ochokera ku Katete atasamukira kumeneko, panali a Simon Mbewe, mkulu wa mpingo, munthu wa nkhani ndi wamakani pang'ono. Atamva za a Daka anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwezi ni nyale chabe, bambo," anatero. "Nyale ingadye nsungwi?"

Anakadula nsungwi zawo mwezi uli wathunthu, mwadala, namanga nkhokwe yaikulu yoti aliyense wodutsa aione. Chaka chachiwiri nkhokwe ija inangoti gumu masanasana, fumbi kobo, chimanga mbwee pabwalo, nkhuku za mudzi wonse zikuchita phwando. A Daka anangodutsa pomwepo katatu tsiku limenelo, ulendo uliwonse akuvula chipewa ndi kupereka moni. Kuyambira pamenepo a Mbewe ndiwo ankayamba kufika kukafunsa za mwezi, ndipo awiriwo anakhala mabwenzi.

Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti cha m'ma 1959 ng'ala inayamba kulowa m'maso mwa a Daka. Poyamba mwezi ankauona pawiri, kenaka ngati uli kuseri kwa utsi, ndipo potsiriza kamwezi kakang'ono ka kumapeto, kamene ntchito yawo yonse inkadalira, sankakaonanso. Amene ankadziwa ndi akazi awo okha, amai Bernadette. Iwo ankadzuka m'mamawa ngati akukasesa pabwalo, n'kuponya diso kum'mawa, n'kubwera ndi madzi osamba kumaso.

"Watsala ngati chikhadabo," ankanong'ona. Kapena, "Lelo kulibe."

A Daka ankavala jekete, n'kukhala pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, n'kuyankha anthu ngati munthu amene wacheza ndi mwezi usiku wonse. Zaka zitatu zinatha choncho. Mantha awo anali amodzi: anthu akadziwa, adzasiya kubwera, ndipo iwo adzangokhala nkhalamba yowotha dzuwa imene anthu amaipatsa moni akudutsa.

M'nyengo yozizira ya 1962 mwana wawo Febby, wokwatiwa ku Nyimba, anali ndi pakati, pafupi kuchira, ndiye amai Bernadette anayenera kupita. Ananyamuka mwezi uli wathunthu. Anawasiyira amuna awo chipanda ndi timiyala, kuti m'mawa uliwonse aziponyamo kamodzi. Nzeru yake inali yabwino, koma malungo safunsa. Anawagwetsa a Daka pamphasa, thupi likunjenjemera, osadziwa kuti kwacha kapena kwada. Atatsitsimuka anakhuthula chipanda chija nawerenga timiyala ndi zala, nabwerezanso. Anali atagona masiku awiri? Atatu? Anayi? Munthu wa mwezi anali atataya mwezi.

Anayesa ukathyali. Mnansi wawo akudutsa, anamufunsa ngati akungocheza, "Nanga mwauona m'mawa uja?"

"Ife tiziuonela chiyani, a Daka, inu mulipo?" anayankha mnansiyo akuseka, napitirira ulendo wake.

Ndi mmene zinalili. Mudzi wathunthu unali utasiya kuyang'ana kumwamba chifukwa cha iwo.

Ndipo tsoka sasimba, ndi mwezi womwewo umene mpingo unagwirizana zokonza denga la tchalitchi. Udzu unali utamwetedwa kale, mitolo ili mulu kuseri. Kunatsala nsungwi za phaso, ndipo nsungwi zabwino zinali kumtsinje wa kunjira ya ku Sandwe, ulendo wa theka la tsiku pa ngolo. Lamulungu atatha mapemphero, a Mbewe anaimirira pakhomo, anthu onse ali pomwepo.

"Bambo Daka, ngolo zinayi zilipo. Tipite liti?"

A Daka akanatha kunena kuti sakudziwa. Mawu ake ndi ochepa.

"Lachiwili," anatero, mokweza kuposa masiku onse.

Lachiwirilo mudzi unatuluka ngati ukupita kuukwati. Ng'ombe zikulira, ngolo zikugubuduka m'miyala, amayi atasenza mbatata zowotcha ndi zipanda za thobwa, nyimbo ikuchoka kutsogolo kukafika kumbuyo. A Daka ankayenda atagwira kumbuyo kwa ngolo, akuti mwendo unali usanalimbe chifukwa cha malungo. Atafika dzuwa lili pamutu, amuna analowa m'nsungwi, zikwanje n'kuyamba kulira. Khwaa! Ina yagwa. Khwaa! Ina. Aliyense anali wokondwa kupatula munthu mmodzi, amene anakhala pamwala akumva chikwanje chilichonse ngati chikumutema pamtima. Akakhala kuti waphonya, denga la nyumba ya Mulungu lidzayamba kuthira ufa pamitu ya anthu akupemphera, ndipo aliyense adzakumbukira amene anati Lachiwiri.

Dzuwa litapendeka, a Daka anaona kuti kuwala kukuchepa. Anatikita maso. Kunachepabe. Anatembenuzira nkhope kumwamba, kumene masiku onse ankaona chimbuu chowala, koma chimbuucho chinali chikuzilala, ndipo kamphepo kozizira kanawadutsa m'khosi. Kunalibe mtambo tsiku limenelo, anthu anali atanena okha m'njira. Ndiye anadziwa. Chimene ankachiopa zaka zitatu chinali chitafika, ndipo chinasankha kuwapeza pakati pa anthu.

Zikwanje zinali zitasiya kulira, koma iwo sanazindikire. Anaimirira, manja ali m'malere.

"A Mbewe! A Mbewe, bwelani munigwile! Maso anga apita!" Mawu aakulu aja anamveka mtsinje wonse. "Lomba kwada zoona. Nikuuzeni, abale anga, zaka zitatu ine mwezi sinauone. Amake Febby ndiye aona, ine ningokamba chabe. Lelo ili ninangolota, sinidziwa ngati wafa kapena ali moyo. Lekani kudula, ninakunamizani!"

Nthawi yomweyo mayi wina anakuwa, "Mayo ine, dzuwa lagwidwa!"

Ndiye kunali chipwirikiti! Amayi anakhuthula mbatata pansi n'kuyamba kumenya mabeseni kuti chogwira dzuwacho chilisiye. Amuna ankawombanitsa zikwanje. Ng'ombe imodzi inadula chingwe n'kulowa m'tchire. Ena anagwada n'kuyamba Atate Wathu, ena anathamangira kudziwe kukaliona m'madzi, ndipo analionadi litadyedwa mbali yaikulu, latsala lopindika ngati chisenga. Pansi pa nsungwi, timawanga ta kuwala tonse tinali titapindika chimodzimodzi. Bambo wina anafuula kuti azungu alilowetsa nalonso mu Chitaganya, ndipo ngakhale ogwada aja anaseka.

A Mbewe anafika akupuma wefuwefu nawagwira a Daka mapewa onse awiri.

"Si maso anu, bambo! Kwada kwa tonse! Ni kadamsana!"

A Daka anakweza nkhope kumwamba.

"Dzuwa? Osati mwezi, dzuwa?"

"Dzuwa, bambo, masana ano!"

Nkhalamba ija inalumpha. Ndithu inalumpha, mwendo wa malungo uja osaukumbukira, chipewa n'kugwera m'madzi.

"Ndiye wafa! Wafa lelo lomwe! Amalume ananiuza, dzuwa siligwidwa tsiku lina koma tsiku limene mwezi wafa! Nalasa! Dulani, anthu inu, dulani! Nsungwi ya lelo idzaona adzukulu a adzukulu anu! Siyani mabeseni, tengani vikwanje!"

Anavina pamwala paja, akuomba m'manja okha, misozi ndi kuseka zili pamodzi. Amuna anayang'anana, wina anatola chikwanje, mnzake naye, ndipo anadula mumdima wachikasu uja akuimba, amayi akumenyabe mabeseni kuti zonse ziwiri ziyende. Pamene dzuwa linkabwerera m'malo mwake, ngolo zinayi zinali zitadzaza mpaka kulendewera.

Chimwemwe chinawathera a Daka pobwerera m'mawa mwake. Atagwira kumbuyo kwa ngolo, anakumbukira zonse zimene anafuula, liwu ndi liwu. Palibe amene anazitchula, ndipo kusatchulako kunkawawa kuposa kusekedwa. Atafika kunyumba anapachika jekete pamsomali. Lachinayi sanatulutse mpando pansi pa mango. Anakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse akusenda nshawa, akudziuza kuti zatha ndipo palibe wolakwa koma iwo eni.

Dzuwa litangolowa anamva mapazi, ambirimbiri, ndi anthu akuletsana kulankhula. Kenaka mawu a a Mbewe.

"Odi, bambo Daka. Tulukani kuno kubwalo."

Anatuluka akupapasa khoma, atakonzeka kumva mlandu wawo. A Mbewe anawagwira pamkono, anawatembenuzira kumadzulo, nakweza dzanja lawo pang'onopang'ono mpaka chala chinaloza pamwamba pa mitengo.

"Uyo apo. Wakhala. Kang'onong'ono."

A Daka anayang'ana kumene chala chawo chinkaloza. Munali utsi wokhawokha.

"Siniuona," anatero, motsitsa.

"Tiuona ise," anayankha mayi wina kumbuyo. "Tonse tauona. Lomba tiuzeni, ng'ombe yanga nifule liti?"

Enanso anayamba kufunsa, aliyense zake, mawu akukwerana. A Mbewe anali asanasiye mkono uja. A Daka analira pamaso pa mudzi wonse, osabisa nkhope. Atatha anamina, napukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nawerenga ndi zala kuyambira Lachiwiri.

"Mwachedwa," anatero, mawu aakulu aja atabwerera. "Mukanauona mailo, dzulo lomweli, mukanakhala anthu oyang'ana. Wina anitengele mpando."