Mapazi a Toby

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapatsidwa galu woti ndimusamale. Tinkakhala kudziko la azungu, ku Blanchardstown, m'nyumba ya lendi yogundana khoma ndi ya mayi wina wachikulire wa konkuno, Mayi Nolan. Inali nthawi ija chuma cha dziko chinagwa. Kampani yomanga nyumba imene bambo ankagwirako ntchito inali itatsekedwa, ndipo iwo ankaswera pawindo ndi kapu ya tiyi, amayi ali kumashifiti kunyumba yosamalirako okalamba. Ine ndinali mwana wamanyazi. Kusukulu ndinkayankha ndi mutu, ndipo zambiri zimene ndinkafuna kunena zinkathera m'dayale yanga.

Mayi Nolan anali ndi galu wamng'ono wofiirira, wa makutu ogwa, dzina lake Toby. Ndinkamusuzumira pampanda tsiku lililonse, koma kupempha kuti ndimugwire sindinayerekeze. Kenaka, Khirisimasi ili pafupi, kunagwa chipale chofewa, sinoo yoti ngakhale eni dziko ankaidabwa. Misewu inayera mbee, mabasi ankayenda mokwawa, sukulu anatseka. M'mawa wina Mayi Nolan anaterereka pakhomo pawo n'kuthyoka m'chiuno, ndipo ambulansi inawatenga.

Madzulo ake kunabwera mwana wawo wamwamuna, Toby ali kukhwapa. Anati kufulati kwake salola agalu, ndipo tikakana alibe pothawira koma kukamusiya kumalo osungirako agalu opanda eni.

"Galu m'nyumba?" anatero bambo m'Chichewa, mlendoyo akungomwetulira osamva kanthu. "Kwathu ku Dedza galu amagona panja, amadya zotsala, ntchito yake ndi kuuwa."

"Panja pake pati, bambo a Tadala?" anayankha amayi. "Mukufuna mawa timupeze atauma ngati nsomba ya mufiriji?"

Bambo anandiyang'ana. Ndikhulupirira kuti nkhope yanga inali itagwada kale.

"Chabwino. Ntchito ndi yako, Tadala. Koma a Bwanawa akangoyamba kuvuta, ulendo wa kwa anzawo."

Sindikudziwa ngati ndinasangalalapo chotero chiyambire. Ndinadzaza tsamba lonse la dayale ndi dzina la Toby. M'mawa uliwonse ndinkavala majekete awiri, n'kumumanga chingwe, ulendo wa kubwalo la udzu la kuseri kwa nyumba zathu. Iye ankalowetsa mphuno mu sinoo, n'kuyetsemula, n'kuthamanga mozungulira mpaka chingwe kundikulunga miyendo. Ndinkaseka mokweza pamsewu, ine amene! Anthu amene sankandiona n'komwe anayamba kuima n'kundifunsa za galuyo. Ndipo tikatsala awiri ndinkamulankhula Chichewa, chimene pamaso pa akulu ndinkachita nacho manyazi chifukwa lilime langa linali lolimba. Toby sankandiseka.

Patapita masiku angapo anayamba kutsimphina. Tikafika kunyumba ankagona pakona ya khitchini n'kumanyambita mapazi osalekeza. Ndinatembenuza phazi limodzi. Pakati pa zala panali pofiira, ndipo timinofu takuda ta kunsi tinali titang'ambika.

"Kuzizira kumeneku," anatero amayi atabwera kuntchito. "Timuthowe."

M'nyumba mwathu madzi ofunda a mchere ankachiza chilichonse. Amayi ankaviikamo mapazi akatupa ndi kuimirira, bambo ankathowera bondo, ine ndinkachukuchira kukhosi. Choncho anatenga beseni, kuthiramo madzi a m'ketulo ndi mchere wodzaza dzanja. Phazi litangokhudza madziwo, Toby analira kulira kumene sindinakumvepo, n'kuphupha mpaka beseni lonse linatayikira pansi.

"Mankhwala owawa ndiwo ochiza," anatero amayi akukolopa.

"Ndinanena ine," anatero bambo. "Galu wa eni uyu. Likafika Loweruka akadali chonchi, ndiimbira mwana wa mayi aja adzamutenge."

Ndinkadziwa kumene akanapita. Ndinaganiza za Mayi Nolan akutuluka m'chipatala n'kupeza nyumba ili zii.

Mawa lake ndinamutulutsa pang'onopang'ono, maso anga onse ali pamapazi ake. Pabwalo la udzu, pamene sinoo inali yoyera yosapondedwa, ankayenda bwinobwino, mwina kudumpha kumene. Koma titafika panjira ya anthu oyenda pansi yopita pokwerera basi, anaima. Anatukula phazi ili, n'kuliponda, n'kutukula linalo. Panjirapo a khonsolo anali atawaza timiyala tofiirira kuti anthu asaterereke. Ndinanjuta, kuvula gulovu, n'kutapa pang'ono. Zala zanga zinali ndi timing'alu ta chisanu, ndipo nthawi yomweyo zinayamba kunyereza ngati ndagwira tsabola. Ndinalawa ndi nsonga ya lilime. Mchere!

Ndinamunyamula Toby n'kuthamanga naye, ndikuterereka, mpweya ukufuka ngati utsi. Ndinapeza ketulo ikuwira, beseni lili pansi, amayi atagwira paketi ya mchere. Ndinaima pakhomo. Kwathu mwana sankatsutsa mankhwala a amayi ake, ndipo ine sindinali nditatsutsapo munthu aliyense.

"Amayi, musathiremo."

"Wati chiyani? Kweza mawu, mwanawe, sindikumva."

"Musathiremo mchere! Ndi umene ukumuwotcha. Mumsewu mwadzaza mchere."

Mawu ena onse anatuluka mothamangitsana, theka Chichewa theka Chingerezi: za udzu, za njira ya kubasi, za timiyala. Ndinawaonetsa zala zanga zofiira. Amayi anayang'ana paketi ija ngati yawanamiza, n'kuiika patebulo.

Bambo anatula kapu yawo. Munthu amene anali asanamukhudzepo galuyo anagwada pansi n'kuti, "Taonetsani kuno, a Bwana." Anatenga phazi n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Izi ndi zikang'a izi," anatero. "Mwezi wa Juni ku Dedza, popita kusukulu opanda nsapato, zidendene zinkang'ambika chonchi. Tadala, katenge vaselini."

"Vaselini wanga wodzola?" anafunsa amayi.

"Mlandu ndi wanu, mayi a Tadala. Lipirani."

Tinamutsuka mapazi ndi madzi ofunda opanda kanthu, kuwapukuta bwino, bambo n'kupaka mafutawo ndi chala chachikulu, phazi limodzilimodzi. Kuti asawanyambite, amayi anafukula masokosi anga akale n'kumuveka, kumanga ndi tepi mosathina. Toby ataimirira anayamba kuyenda motukula miyendo m'mwamba ngati msilikali wa paperete, akutiyang'ana monyozeka. Tinaseka mpaka misozi. Bambo anaseka atagwira m'mimba, ndipo ndinazindikira kuti kunali kuyamba kuwamva akuseka chithereni ntchito yawo.

Kuyambira tsikulo ndinali ndi dongosolo langa, ndipo ndinkalitsatira ngati pemphero. Tisanatuluke, vaselini pang'ono kunsi kwa phazi lililonse. Panjira, kuyenda chakuudzu, ndipo pamene awaza mchere ndinkamunyamula. Pobwera, madzi ofunda, kuchotsa timibulu ta madzi oundana tokanirira muubweya wa pakati pa zala, kenaka thaulo. Loweruka linafika n'kudutsa, bambo osaimbira munthu foni. Anayamba kutiperekeza, amati akungowongola miyendo.

Mayi Nolan anatuluka m'chipatala chaka chatsopano chitalowa, akuyenda ndi chitsulo chogwirira. Toby anawathamangira ndi miyendo yonse inayi, mchira ukugwedeza thupi lonse. Atakhala pampando anamuika pamwendo, n'kutembenuza mapazi ake, n'kunena kuti ndi osalala kuposa manja awo. Anafunsa kuti tamuchita chiyani. Amayi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma bambo anandikankhira kutsogolo ndi dzanja. Ndinafotokoza ndekha, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, osayang'ana pansi.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndikumvetsa kuti amayi sanamupweteke Toby chifukwa chosamukonda. Anamupatsa mankhwala amene ankatipatsa ife, mwana wawo ndi mwamuna wawo, ndipo panalibe ulemu woposa umenewo umene akanachitira galu. Koma chochiza wina chimatha kuwotcha wina, ndipo chikondi chimene sichinayambe chayang'anitsitsa chimalakwitsa ndi mtima woyera. Ndikumvetsanso kuti kukhala chete kwanga, kumene ndinkakuyesa ulemu, tsiku lija kukanakhala nkhanza. Galu sanena pamene pakumuwawa, amangotukula phazi. Pamafunika wina woti aone phazilo, ndipo akaona, alankhule.