Mamba a Nsomba ya M'sitolo

Aneba anga, mdala wa ukonde wa nsomba za salimoni pagombe la nyanja yathu ino, sadziwa kukhala pansi. Khofi amamwa choimirira, ndipo ndikulumbira, tulo amagona akuyenda. Akagwira salimoni amaipala mamba n'kutumiza kwa ofufuza, amene amaona pamenepo zaka za nsombayo ndi mtsinje womwe inabadwira. "Nsomba sibisa kwawo," amatero.

Chaka chino kunamveka kuti ukonde uliwonse wokola nsomba za mumtsinje wathu, zomwe zikutha, uchotsedwa. Mdalayu anazungulira nyumba mpaka kukumba ngalande ndi mapazi. Kenako anakagula salimoni m'sitolo, n'kutumiza mamba ake.

Solfrid, mtsikana wofufuza, anaimba foni ine ndili pomwepo.

"Agogo, nsomba iyi sinagonepo ndi njala chibadwire. Ndi yoweta. Munaigwira kuti?"

"M'nyanja, mwanawe!"

"Nyanja yake ya m'firiji?"

Akazi awo, a Gunvor, anaseka mpaka kugwira khoma.

Mawa lake anatumiza mamba enieni, ndipo anapezekadi kuti ndi a mumtsinje wathu. Ukonde anaupachika kudenga. Tsopano m'mawa uliwonse amathamangira kumtsinje kukakalipira nsombazo kuti ziswane msanga iwo asanafe.