Tsiku Limene a Chitunda Anati Sadziwa

Ana asukulu anawapatsa dzina loti a Chitunda, ndipo iwo ankalikonda ngakhale ankanamizira kukwiya. Anali mphunzitsi wa masamu, munthu wamtali, choko mpaka m'nsidze. Zaka makumi atatu palibe anawamvapo akuti “sindikudziwa”. Kunyada kwawo konse kunali pomwepo, ndipo kunena zoona, ankanyanya nako.

Chaka chilichonse ankajambula mzere wokwera pabolodi, n'kulemba y = mx + c, n'kuloza m uja. Ankati chilembochi chimaimira kupendekeka kwa mzere chifukwa chinachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza kukwera. Akatero ankayenda chokwera pamalo osalala, uku akupuma wefuwefu, ana n'kufa nazo kuseka. Dzina lija linachokera pamenepo.

Kutatsala miyezi inayi kuti apume pantchito, mwana wawo wamkazi, yemwenso ankaphunzitsa masamu, anabwera kudzacheza. Anawapeza pakhonde akuchonga makope.

“Bambo, nkhani yanu ya m ija ilibe umboni,” anatero. “Ndafufuza ndithu. Ena amatero inde, koma palibe akudziwa chenicheni. Maiko ena amalemba k.”

“Iwe, ndinakuphunzitsa ndine!”

“Eya, ndipo ine ndakhala ndikuuza ana a m'kalasi mwanga nkhani yomweyo zaka zisanu zathunthu.”

Manyazi anawagwira a Chitunda. Anaganiza za ana onse amene anadutsa m'manja mwawo, ena tsopano ndi aphunzitsi, akufalitsa nkhani imene a Chitundawo anangoimva kwa mphunzitsi wawo osafunsa. Madzi akatayika saoleka. Akanatha kungokhala chete n'kupuma ndi ulemu wawo wonse, ndani akanadziwa? Masiku atatu ankangotosatosa chakudya, mpaka akazi awo anafunsa ngati akudwala.

Lolemba analowa m'kalasi, nalemba m wamkulu pabolodi.

“Zimene ndinakuuzani za chilembo ichi, ndilibe nazo umboni. Kumene chinachokera, ine sindikudziwa.”

Iwo anadikira kuti ana aseke, koma palibe anaseka. Kenako mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene chaka chonse anali asanatsegulepo pakamwa, anakweza dzanja pang'onopang'ono.

“Aphunzitsi, inenso sindikudziwa. Kapezedwe ka m kameneka sindinakamve chiyambire. Ndimangokopera.”

Dzanja lina linakwera, kenako lina. A Chitunda anawerenga manja khumi ndi anayi. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa anazindikira kuti ana onsewa ankaopa kunena mawu amene mphunzitsi wawo sankanena. Koma anamvanso kupepukidwa kumene anali asanakumvepo.

Anafufuta bolodi lonse ndi chikhatho, namuitana mtsikana uja kutsogolo.

“Tenga choko ichi, mwana wanga. Jambula mzere, upendekeke mmene ukufunira. Tili ndi miyezi inayi, tiyambirenso.”